Dzenje la Chingwe landisowetsa tulo, kodi nkhani za mizukwa m'malo akalewa mumaziona bwanji?

NaPhiri_Chinamwali:
Moni nonse pagulu pano. Loweruka lapitali tinakwera phiri la Zomba ndi anzanga a kuntchito, tinayamba ndi malo aja aliyense amajambulitsapo, Queen's View ndi Emperor's View, kenako gaidi wathu anati tiyeni ndikakuonetseni Dzenje la Chingwe. Ine ndakulira mu Zomba momwemuno koma ndinali ndisanafikeko, ndinkangomva. Ukamafika sipaoneka poopsa ayi, ndi kabowo chabe kobisika m'mitengo ndi zitsamba, koma ukasuzumira ndi mdima okhaokha ndipo kumatuluka kamphepo kozizira mpaka tsitsi kuima. Gaidi anati kale mafumu ankaponyamo adani awo komanso anthu odwala khate, ena akadali amoyo, ndiye mvula ikagwa yambiri zotsala zawo zinkakatulukira kumunsi ku mtsinje wa Namitembo, akuti dzina la mtsinjewo linachokera pamenepo. Anatinso amayi otola nkhuni safuna dzuwa liwalowere kumeneko poti kumamveka kubuula.

Chibwerereni sindikugona bwino. Sikuti ndinaona chinthu ayi, koma maganizo. Amayi ake a Mfumukazi Elizabeth anangoima paphiri paja mu 1957 dzina linatsala, Haile Selassie anangoima mu 1965 dzina linatsala, koma anthu amene anathera m'dzenjemo palibe olo mmodzi amene timamudziwa dzina. Inu kwanuko malo ngati amenewa alipo? Ndipo zomveka usikuzi mumati ndi chani kwenikweni?

Chisale_Ndirande:
Asisi pepani ndi kusowa tuloko. Ine ntchito yanga ndi ya zomangamanga nde ndiyankhe mbali ya phokosoyo. Dzenje lakuya la m'thanthwe limapuma, mpweya wa mkati ndi ozizira wa kunja ndi otentha, madzulo zikamasinthana mphepo imadutsa m'ming'alu nkumalira ngati munthu. Onjezanipo mileme ndi akadzidzi. Nyumba zakale za atsamunda chimodzimodzi, malata ndi matabwa zimafufuma masana usiku nkumabwerera, umamva ngati wina akuyenda kudenga. Ndagwirapo ntchito m'nyumba zoterezi ku Thyolo ndipo alonda onse amalumbira kuti muli mzungu oyenda usiku. Koma zoti anthu ankaponyedwamo sindikutsutsa, nkhani ngati imeneyo siyamba popanda kanthu.

NaPhiri_Chinamwali:
Zikomo achimwene, za mphepozo ndamva ndipo zandithandizako. Koma chikundiwawa si phokosolo kwenikweni

Mphunzitsi_Opuma_KK:
Mwana wanga NaPhiri, funso lakoli ndakhala nalo zaka zambiri. Ndine wa ku Nkhotakota, pa Linga penipeni, ndipo ndaphunzitsa mbiri ku sekondale mpaka kupuma. Dzina loti Linga likuchokera ku mpanda wa a Jumbe. Jumbe oyamba, Salim bin Abdullah, anakhazikika kuno m'ma 1840, ndipo kuchokera nthawi imeneyo tauni yathuyi inali doko la minyanga ya njovu ndi anthu. Ankagwidwa kumtunda uku, ku Kasungu, mpaka ku Luangwa, nkuwasunga m'mipanda kudikira mphepo yabwino, kenako kuwapanikiza m'zombo za matanga kuwoloka nyanja, akafika tsidya lija ulendo wa pansi miyezi mpaka ku Kilwa, magoli ali m'khosi. Ofooka sankawanyamula. Livingstone anafika kuno mu 1861 nabweranso mu 1863, mkuyu umene amati anakambirana pansi pake ndi Jumbe ulipobe ndipo alendo amabwera kudzauona, koma malondawo anapitirira mpaka m'ma 1890.

Tsopano za usiku. Tili ana amayi ankatiletsa kupita kugombe lakale dzuwa likalowa, ankati kumamveka maunyolo ndi kulira kwa ana. Asodzi achikulire a ku Sungu ankanena kuti nthawi ya mwera ukamabwerera mbandakucha umatha kumva anthu ambiri akuimba motsitsa pamwamba pa madzi m'chinenero chosamveka, ndipo ukamva usayankhe, ungopalasa. Ineyo makutu angawa sanamvepo, ndinene zoona. Koma ndinaona kuti ana a sukulu ankaiwala zaka zonse zimene ndinkalemba pa bolodi, pomwe nkhani ya maunyolo palibe anaiwala. Agogo athu sankalemba, ndiye anaika mbiri m'malo moti mwana akaopa asaiwale.

Chinanso taonani. Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanjayi mu 1895, thupi lake linapezeka ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints konkuno, dzina lake linaperekedwanso ku sitima. Munthu mmodzi, manda odziwika. Sindinamvepo wina akuti Maples amayenda usiku. Oyenda usiku ndi aja opanda manda.

Mai_a_Tadala:
Aphunzitsi ndimakulemekezani koma apa tisiyane pang'ono. Baibulo limati kwaikidwa kwa munthu kufa kamodzi kenako chiweruzo, wakufa sabwerera kudzayendayenda. Zimene anthu amaona ndi kumva ndi ziwanda zimene zimavala nkhope za akufa pofuna kuti tizichita mantha ndi kuyamba kuthira nsembe. Malo amene panakhetsedwa mwazi ofunika ndi mapemphero basi. NaPhiri pemphera usanagone mwana wanga uwerenge Salimo 91

CheJafali_Mangochi:
Kwa ife Asilamu nafenso timati mzimu wa munthu ukachoka subwerera, zooneka m'mabwinja ndi majini, ndipo majini amakonda malo osiyidwa. Nde pamenepo ine ndi Mai a Tadala tili limodzi. Koma mau a aphunzitsi andilasa chifukwa mbiri imeneyi kwathu kuno imatikhudza moipa, mafumu ena a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda anali m'malonda omwewo, ndipo m'mabanja ambiri kuno muli magazi a ogwira ndi a ogwidwa omwe. Sitikamba. Munthu akamwalira timamusambitsa, timamuveka sanda, timamuswalira, pakapita masiku timachita sadaka. Aja anafera m'njira ya ku Kilwa anawachitira ndani zimenezi? Olo utati ndi majini, ngongole ya anthu aja ilipobe

Mphunzitsi_Opuma_KK:
Che Jafali mwalankhula ngati munthu wamkulu. Ndipo tisasokoneze mau, achinyamata ambiri pano akumangoti mizimu pa chilichonse. Kwa makolo athu mzimu si chinthu choopsa, ndi agogo ako amene anaikidwa bwino, adzukulu anakumba, anthu anagona pa siwa, anameta, patapita nthawi anaphika mowa wa bona nkumuperekeza. Ameneyo amabwera kutulo kudzachenjeza kapena kudzapempha dzina lake lipatsidwe kwa mwana. Mzukwa ndi wina, ndi uja sanaperekezedwe, kapena anafa imfa yowawa ali ndi mangawa. Nchifukwa chake ku Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, anthu sathawako ngati kumalo a mizukwa chonsecho Mbona naye anachita kuphedwa nkudulidwa mutu. Anamumangira kachisi, ali ndi omusamala, amavula nsapato polowa. Imfa yowawa yomweyo koma inalandiridwa.

Mai_a_Tadala:
Za nsembezo ine ayi, koma zoti munthu aliyense ayenera kuikidwa mwaulemu ndikuvomera ndi mtima onse. Yosefe yemwe analumbiritsa abale ake kuti mafupa ake asatsale ku Iguputo

Mbewe_waKapa:
Ndalowa mochedwa ndinali ku shifiti. Ine ndili ku Cape Town chaka cha chisanu ndi chitatu tsopano ndipo kuno nkhani zimenezi ndi bizinesi ndithu. Pakati pa tauni pali Castle of Good Hope, linga la miyala limene a Dutch anamanga kuyambira 1666 mpaka 1679, ndi nyumba yakale kwambiri ya atsamunda imene yatsala mu South Africa. Ndinalowamo ndi ana anga. Amakuonetsa kachipinda kotchedwa Donker Gat, kopanda windo, ankatsekeramo akaidi ndipo nthawi ya dzinja madzi ankalowamo, gaidi amatseka chitseko kwa kamphindi kuti mumve mdima wake, mwana wanga wamng'ono analira. Kenako nkhani ya bwanamkubwa Van Noodt amene anamwalira mu 1729, akuti analamula kuti asilikali othawa ntchito anyongedwe, mmodzi ali pa chingwe anamutemberera kuti tikakumane pamaso pa Mulungu, tsiku lomwelo anamupeza atafa ali pampando. Alonda amati amamumva akutukwana m'makonde, enanso amakamba za mayi ovala zotuwa olira, ndi galu wakuda amene amakulumphira nkuzimirira, ndi belu lolira lokha.

Koma chimene chinandigwira mtima ine sichinali mu Castle. Ku Clifton, gombe la anthu olemera kumene ine ndimakagwirako maganyu a m'magadeni nthawi zina, pansi pa madzi pomwepo pali zotsala za sitima ya Chipwitikizi São José imene inasweka mu December 1794 ikuchokera ku chilumba cha Mozambique kupita ku Brazil, itadzaza akapolo. Oposa 200 anamira, opulumuka anawagulitsa konkuno ku Kapa. Anthu amasambira pamenepo osadziwa. Mu 2015 anabweretsa dothi lochokera ku Mozambique nkulithira m'nyanja pamalopo. Nditamva zimenezo ndinakhala pansi, chifukwa ndi zija timachita kwathu munthu akafera kutali thupi osapezeka, timatenga dothi. Anthu amenewo ndi a chigawo chathu chomwechi abale, ena mwina anayenda njira zomwe aphunzitsi akunenazo.

Mphunzitsi_Opuma_KK:
A Mbewe zikomo, ya dothiyo ndailemba m'kope langa.

NaBanda_Leeds:
Kuno ku UK ndiye ziliko zambiri, pafupifupi tauni iliyonse yakale monga York ndi Edinburgh ili ndi anthu oyendetsa alendo usiku kuwaonetsa malo a mizukwa, umalipira tikiti. Ndinapita ku Tower of London chaka chatha. Nsanja ya pakati inayamba kumangidwa m'ma 1070 nthawi ya William the Conqueror. Mzukwa otchuka ndi wa Anne Boleyn, mkazi wachiwiri wa mfumu Henry VIII, anamudula mutu pa 19 May 1536 mwamuna wake yemweyo atalamula, ndipo amati amaoneka akuyenda mutu uli m'manja. Palinso ana awiri achifumu amene anasowa mmenemo mu 1483, mafupa a ana awiri anapezeka pansi pa masitepe mu 1674. Nde taonani mfundo ya aphunzitsi ija ikugwiranso kuno, Anne sanamukonzere olo bokosi, anamuika m'bokosi losungira mivi nkumukwirira mwachangu m'kachalitchi ka mkati momwemo. Azungu omwewa amene anatiuza kuti zathu ndi zachikunja ali ndi mizukwa yawo ndipo amaisamala, ali ndi mayina, masiku, malo enieni pamene munthu anagwada. Ine sindikufuna kuti kwathu tiyambe kugulitsa mantha ayi, zina kuno amachita ngati sewero mpaka zimandinyansa. Chimene ndimasirira ndi kusunga mayinako.

Chisale_Ndirande:
Komatu Anne anali mfumukazi asisi, nchifukwa chake dzina lilipo. Amphawi amene ananyongedwa ku London konko mayina awo ali kuti? Kulikonse osauka ndi amene amasowa chiliza

NaBanda_Leeds:
Pamenepo mwanena zoona achimwene, ndavomera

Nya_Chiradzulu:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndilankhuleko za kwathu. Kwathu ndi kufupi ndi PIM, mishoni ya Providence Industrial Mission, ku Mbombwe. Tonse timadziwa John Chilembwe wa pa ndalama ndi holide ya 15 January, koma mukafika pamalopo mumamva zina. Anayambitsa mishoni mu 1900, anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ndi manja a anthu ake. Usiku wa 23 January 1915 anthu ake anapita ku Magomero ku esiteti ya A. L. Bruce nkupha kapitawo wamkulu William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutcha Listonia, munthu amene ankadziwika ndi nkhanza za thangata ndi kuotcha matchalitchi a Chilembwe pa esitetipo. Anamudula mutu ndipo mawa lake Lamulungu mutuwo unali pa mtengo pa nthawi ya mapemphero. Patangopita masiku ochepa asilikali a boma anafika nkuphulitsa tchalitchicho. Chilembwe anaomberedwa pa 3 February chakumalire a Mozambique mbali ya Mulanje, anamukwirira mobisa opanda chizindikiro, ndipo omutsatira ambiri ananyongedwa ena kuomberedwa.

Agogo anga aakazi anabadwa zitachitika kale koma amayi awo anaziona, ndipo mpaka kumwalira kwawo ankakana zoti Chilembwe anaphedwa. Ankati zipolopolo sizinamulowe, anasanduka mbalame nkuuluka, adzabwera. Anthu ambiri a m'badwo umenewo ankakhulupirira choncho, poti palibe anaona nkhope, palibe anakhuza maliro. Agogo ankatiuzanso kuti zaka zimene mishoni inali yotsekedwa, mpaka Dr Malikebu atabwera kudzatsegulanso mu 1926, anthu odutsa pa bwinja la tchalitchi usiku ankamva nyimbo za mapemphero, koma ankati sizinali zoopsa, ena ankaima nkumamvetsera akulira. Boma linaletsa kusonkhana pamenepo ndiye nyimbo zinkaimbidwabe ndi amene boma silikanatha kuwamanga, agogo ankatero.

Ine ndikapita kumudzi ndimakaima pa zidutswa za njerwa zija. Munthu amene nkhope yake ili m'thumba la Mmalawi aliyense alibe manda oti mdzukulu wake akasesepo.

NaPhiri_Chinamwali:
Asisi a ku Chiradzulu mwandiliza. Nyimbo zoimbidwa ndi amene sangamangidwe, eee

Mai_a_Tadala:
Abusa Chilembwe anali mtumiki wa Mulungu ali m'manja mwa Ambuye, sakuyendayenda. Koma zomukwirira ngati chinyama zinali zolakwika kwambiri

Kamwendo_Mwanza:
Musaiwale kuti si atsamunda okha anachita zimenezi. Kwathu kuno msewu wa ku Thambani, May 1983, nduna zitatu Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga. Anawagoneka ku Mikuyu ku Zomba kwanuko NaPhiri, kenako kuwabweretsa kuno nkuwapha, matupi kuwaika m'galimoto nkuikankhira kuphompho kuti zioneke ngati ngozi. Wailesi inati amathawa. Mabanja sanaloledwe kulira maliro mwa mwambo wake, anthu ankaopa olo kukapepesa. Zoona zake zinadzatuluka poyera ndi kafukufuku wa 1994 matipate atabwera. Ine ndinali mwana nthawi imeneyo koma ndikukumbuka kuti akuluakulu akamadutsa pamalopo pa njinga ankangoti zii osalankhula, osaloza chala. Ife ana tinkauzidwa kuti pali mizukwa, musamaseweretsepo. Ndakula ndi pomwe ndazindikira kuti bambo ankatiteteza, kunena kuti mizukwa kunali kosavuta kusiyana ndi kunena chimene chinachitika, mwana akanakalankhula kusukulu banja lonse likanathera kundende. Pano pali chipilala ndipo anthu amaima nkuwerenga mayina mokweza.

Chisale_Ndirande:
Iyi ndiye sindingaifotokoze ndi mphepo kapena malata. A Kamwendo mwanditsegula mutu, ndekuti nthawi zina mau oti mzukwa anali chinsinsi cha akuluakulu

CheJafali_Mangochi:
Ndionjezeko kamodzi za kuno. Ku Cape Maclear kuli manda a amishoni oyamba a Livingstonia amene anafika ndi sitima ya Ilala mu 1875, malungo anawatha mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881. Manda ndi ochepa, ali pansi pa phiri, ndipo pakati pawo pali Dr William Black ndi Shadrach Ngunana, m'Xhosa amene anachokera ku Lovedale ku South Africa kudzaphunzitsa kuno. Anyamata a ku Chembe amadutsapo usiku akuchokera kokwezera alendo maboti opanda mantha aliwonse. Anafera kutali ndi kwawo inde, koma anzawo anawaika nkulemba mayina pamwala

Nya_Chiradzulu:
Nanga ku Mulanje a gulu? Ku Sapitwa amati ukapeza chakudya chokonzedwa kale udye wekha osaitana mnzako, ndipo pa Dziwe la Nkhalamba ankaonapo okalamba a imvi

Mphunzitsi_Opuma_KK:
Imeneyo ndi nkhani ina mwana wanga, kumeneko ndi kwa eni phiri, mizimu ya makolo imene ili pakwawo, si anthu otayidwa. Tidzaitsegulire tsiku lake chifukwa ndi yaitali ndipo a ku Mulanje ndi ku Phalombe ndi amene ayenera kutsogolera.

NaPhiri, ndibwerere kwa iwe. Anthu a khate aja, ngati nkhaniyo ili monga amaikambira, sanaponyedwe ndi adani ochokera kutali. Anali a m'mudzi momwemo, wina anali malume ake a munthu, wina mayi ake. Kale wakhate m'madera ambiri sankaikidwa m'manda a onse, ankaopa kuti nthaka idetsedwa. Ndiye amene ankamva kubuula kuphiriko ndi omwe anawanyamula kukwera nawo. Lero khate limachizika ndi mankhwala a kuchipatala, aulere, munthu nkukhala bwinobwino pakati pa abale ake. Ukasowa tulo chifukwa cha anthu amenewo usadzione ngati wadwala.

NaPhiri_Chinamwali:
Zikomo aphunzitsi, zikomo nonse. Dzulo ndinaimbira amayi kuwafotokozera za ulendowu ndipo anandiuza chinthu chimene sanandiuzepo, kuti agogo awo aamuna anali ndi mchemwali wawo amene anadwala khate nkumangiridwa kakhumbi kunja kwa mudzi cha ku Chingale, kumunsi kwa phiri lomwelo, ankamusiyira nsima pa mwala osamuyandikira. Amayi akuti dzina lake akulidziwa ndi azakhali awo okha amene ali moyo mpaka pano koma akalamba kwambiri, maso anasiya kuona. Ndapempha tchuthi Lachisanu, ndikwera minibasi m'mawa ndi shuga ndi sopo, foni ndatchaja kuti ndikawajambule mau.

Mbewe_waKapa:
Mukawafunsenso kumene anamuika asisi, ngati akukumbuka

Mai_a_Tadala:
Uyende bwino mwana wanga. Ukamva dzinalo udzatiuze, Lamulungu ndikalitchula m'pemphero